Tsache Lothawitsa Nthata

Munthu wakhala zaka makumi awiri akufuula m'misewu kuti akugulitsa tsache lothawitsa nthata, kenako nthata zomwezo n'kudzamanga mudzi m'nyumba mwake. Mungamuuze chiyani munthu wotere? Kungomupatsa moni basi n'kudutsa. Zimenezi n'zimene zinawagwera mayi Sesani chaka chimene mwana wawo anali woyembekezera.

Dzina lakuti Sesani si lobadwa nalo ayi, linachokera pa kufuula kwawo. M'mawa uliwonse ankasenza mtolo wa matsache, n'kuyamba ulendo kuchokera kumunsi kwa njanji, kudutsa mzere wa magalaja, mpaka kukafika kunyumba za mipanda ya njerwa, uku akukuwa kuti, "Sesani, sesani! Nthata zithawe!" Ana ankawayankhira kumbuyo, agalu n'kumauwa. Ukafunsa dzina lawo lenileni anthu ankangoyang'anana.

Matsache awo sanali a udzu kapena a mlaza. Anali a chitsamba china chimene ambirife timangochiponda osachizindikira. Chimamera m'mbali mwa misewu ndi m'malo otayidwa, chimatalika kufika m'chiuno, masamba ake ndi opyapyala aubweya, maluwa ake ndi ang'onoang'ono ngati mabatani a malaya a mwana, oyera m'mphepete, achikasu pakati. Akakhwima maluwawo amasanduka kathonje kouluka ndi mphepo. Ukafikisa tsamba lake m'manja pamatuluka kafungo kowawira. Akale ankati nthata zimadana nalo fungo limeneli. Kaya n'zoona, ine sindinafunsepo nthata, koma mayi Sesani ukawafunsa choncho ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

Anawaphunzitsa ndi bambo awo, amene ankasamala agalu ndi nkhumba pa famu ina. Mkuluyo ankapachika timitolo ta chitsambachi pamwamba pa chitseko, china n'kumafukiza m'khola. Lamulo lake linali limodzi. "Ukadula, usathamange nacho. Chigoneke pomwepo masiku atatu, chifote, mbewu zake zigwere pamalo pake. Wodula n'kuthawa ndi mbala." Mayi Sesani anaiwala zambiri za ubwana wawo, koma lamulo limeneli sanaliphwanyepo.

Atakula anagwira ntchito yosesa mu fakitale ya mabulangete zaka khumi ndi chimodzi. Fakitaleyo inatsekedwa chaka chomwe amuna awo anamwalira, paja mavuto saona nkhope. Anatsala ndi kamtsikana ka zaka zinayi, kamene ankakatchula kuti Mzime, ndi nyumba ya zipinda ziwiri ya simenti yong'aluka. Analira sabata imodzi. Sabata yachiwiri anabwereka chikwakwa n'kupita kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene chitsamba chija chinkamera chokha motsatira mpanda wa waya. Ankapulula masamba a m'munsi, kusanja mapesi ofanana msinkhu, kumanga katatu ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kudula kumutu ndi chikwanje pa chipika. Tinsonga ta maluwa totsala ankamanga timitolo n'kumapereka basela. Mzime anadya, anavala, anamaliza sukulu, zonsezo ndi matsache.

Mzimeyo anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mafiriji, munthu wosalankhulalankhula, waukhondo wonyanya, wosita ngakhale ovolosi. Awiriwo ankakhala m'chipinda chimodzi pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, kumene madzi a pampopi ankafika akafuna okha. Nanga munthu wongochira kumene angakwere masitepe makumi anayi ndi ndowa? Ndiye anagwirizana kuti Mzime akachira adzakhala kwa mayi ake miyezi iwiri ndi khandalo. Mayi Sesani atamva zimenezi anavina okha m'nyumba. Anapaka laimu kuchipinda, anasoka katani watsopano, n'kuuza mzere wonse wa magalaja kuti mdzukulu akubwera.

Kutatsala masabata asanu ndi limodzi, Mzime anabwera kudzacheza Loweruka, nakhala pamkeka tsiku lonse. M'mawa mwake kunabwera mkamwini yekha. Anakhala pampando mawondo ali pamodzi, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ndabwera ndi nkhani yolemera pakamwa."

"Lankhulani, bambo. Mzime wadzuka bwanji?"

"Wadzuka, koma sanagone. Miyendo yonse ili zidzolo zokhazokha kuyambira mu akakolo. M'nyumba muno muli nthata, amayi."

Mayi Sesani anaseka, koma chiseko chake chinali chouma. "Muno? Bambo, mwaona chimene chapachikidwa pamwamba pa chitseko icho?"

"Ndachiona, amayi. Ndaonanso miyendo ya mwana wanu." Anawerama n'kukanda msongolo wake. "Pepani, koma zikakhala chonchi khanda silingalowe muno. Ndidzatunga madziwo ndekha, ngakhale kakhumi patsiku."

Mtima unawapsa mayi Sesani mpaka m'makutu. Mawu anali nawo, ena akuthwa ndithu, koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukakalipira mkamwini, wolira ndi mwana wako. Choipa kwambiri n'chakuti iwo eni anali akudzikanda kwa mwezi wathunthu, n'kumanamizira sopo watsopano. Anangoti, "Ndamva, bambo. Tsiku limene mwana adzatuluke kuchipatala, muno mudzakhala mulibe ngakhale imodzi."

Ndiye anayamba nkhondo ndi chida chimene ankachidziwa. Anatuta chitsamba chija mitolo mitolo kuchokera ku depoti. Anayala pansi pa bedi, kuseri kwa kabati, m'makona monse, china n'kufukiza pa mbaula mpaka aneba anabwera ndi ndowa kuganiza kuti nyumba ikupsa. Patatha sabata nthata zinali zitachuluka kuposa kale. Ukangoima pakati pa chipinda unkaziona zikukwera miyendo ngati zaitanidwa. Mayi Sesani anati ndiye kuti mankhwala achepa, nakonza zokatenga ena.

Nthawi zonse ankapita ku depoti dzuwa litakwera, akamaliza kugulitsa. Tsiku limenelo, chifukwa cha changu, anapita m'mamawa mame asanaume. Atafika pa mulu umene anadula dzana, anaima chilili. Pamwamba pa mulu wawo, pa maluwa awo enieniwo, panagona galu wamkazi wa nthiti zoonekera ndi tiana take tisanu. Pa mulu winawo panali agalu ena awiri. Onsewo ankadzikanda ndi mwendo wakumbuyo mwakhama ngati alembedwa ganyu.

Mlonda wa pa depoti, mkulu wa jasi lalitali, anayandikira ali ndi kapu ya tiyi m'manja. "Lero mwalawira, mayi. Mwabwera kudzaona alendo anu?"

"Agalu awa ayamba liti kugona apa?"

"Chiyambireni kutaya zinyalala kuseri kuno, miyezi itatu tsopano. Masana amapita kokasaka, madzulo amabwerera pa matiresi amene inu mumawayalira. Ine ndimati mumachita dala, chifundo." Anamwa tiyi wake. "Koma ndikufunseni, mayi, musandidye. Ngati nthata zimachiopa chitsambachi, agaluwa akukanda chiyani?"

Mayi Sesani anathamangitsa agalu aja, nagwada, n'kutukula mapesi. Pansi pake panali ubweya wa agalu ndi fumbi, ndipo tinthu takuda tinayamba kudumphira pa mkono wawo. Ndiye kuti miyezi itatu yonseyi ankasenza nthata pamutu, kuchokera ku depoti kukafika kuchipinda kwawo, n'kuziyalira bwinobwino pansi pa bedi. Manyazi anawagwira moti anakhala pansi pa fumbi pomwepo. Anawakwiyira bambo awo amene anagona kumanda kalekale, kenako anadzikwiyira okha, chifukwa mkuluyo ananena za masiku atatu, sananene kuti usamayang'ane chimene chagona pa mulu wako.

Anadzuka, nadzisansa, n'kusiya mitolo yonse pomwepo. Tsiku limenelo anayenda ulendo wawo wa masiku onse opanda kanthu pamutu. Pa geti iliyonse pamene anagulitsa tsache miyezi imeneyo ankagogoda n'kunena kuti, "Tsache lija liviikeni m'madzi owira, kamtolo ka maluwa kaja katentheni. Musandifunse zambiri." Ena anaseka, wina anawalalatira mpaka kumsewu. Iwo anangopitirira ku geti yotsatira.

Madzulo ake anafunda mpango kumutu mpaka pamphuno n'kulowa mu shopu ya mankhwala a ziweto.

"Ndikufuna mankhwala a nthata," anatero ndi mawu apansi. "Andituma aneba."

"Aneba ake ati, mayi Sesani?" anatero wogulitsayo, bambo wa magalasi. "Tangochotsani mpangowo mupume bwino. Mawu anu ndimawamva m'mawa uliwonse."

Koma sanawaseke kwambiri. Anawapatsa botolo, nawalongosolera kasakanizidwe kake, n'kuwauza kuti apopere mwamsanga, khanda lisanabadwe, ndipo mazenera azikhala otsekula kuti fungo lithe. "Komanso mankhwala okha sakwanira. Zimene mukuzionazo n'zochepa. Mazira ali m'ming'alu ya simenti, m'mphepete mwa khoma, m'nsalu. Mukapha amake lero, ana aswa sabata yamawa. Mukaona imodzi, dziwani kuti abale ake ali m'njira."

Kuyambira m'mawa mwake nyumba ya mayi Sesani inatuluka panja. Bedi, kabati, mipando, masutikesi a malemu amuna awo, zonse pabwalo padzuwa. Mkeka anatentha. Matiresi akale a thonje anawayang'ana nthawi yaitali, chifukwa anali mphatso ya ku fakitale kuja, kenako anatenthanso. Anabwereka mgolo kwa amakanika a kugalaja, n'kumawiritsa mabulangete, makatani, zovala, ngakhale nsanza zopukutira mapazi. Manja anatupa ndi madzi otentha, msana unkalira, koma munthu uja osapuma. Anapopera mankhwala kawiri. Anagwada ndi kampeni kukolokosa ming'alu ya pansi umodzi umodzi, n'kumata ndi simenti imene anapempha kwa amisiri omanga nyumba pafupi. Ankasesa katatu patsiku, zinyalala zake n'kutentha pompo.

Tsache losesera linali lawo lomwe, la chitsamba chomwe chija, koma loviikidwa m'madzi owira. Mayi wina woyandikana nawo anawabweretsera tsache la pulasitiki lofiira. Iwo anati, "Zikomo, koma sindinafike pamenepo."

Anapezanso njira yawo yoyesera. M'mawa uliwonse ankakulunga nsalu yoyera ku miyendo yonse kuyambira ku mapazi mpaka m'mawondo, n'kuyenda pang'onopang'ono m'zipinda zonse ziwiri, sopo wonyowa ali m'manja. Kakuda kakangotera pa nsaluyo, ankakadinda ndi sopo, kakakamira pomwepo. Tsiku loyamba anagwira makumi atatu ndi imodzi. Sabata yachiwiri ankagwira zisanu, zinayi. Kenako tsiku lina anazungulira kawiri osagwira kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Anafika masiku khumi ndi awiri nsalu ili mbee, ndipo anayambanso kuimba akamachapa.

Mzime anachira Lachitatu masana, mwana wamkazi wa tsitsi lambiri. Mayi Sesani anasamba kawiri, navala zovala zochokera pachingwe, n'kuthamangira kuchipatala. Atamunyamula mwanayo ndi chimwemwe, namwino anawakokera mpando. Kamwanako kanali ndi khungu lofewa moti ankaopa kukakhudza ndi zala zawo zokhakhala.

Pakhonde la chipatala anakumana ndi mkamwini. Anamuuza zonse, za agalu, za mgolo, za masiku khumi ndi awiri aja. "Ngati mukufuna, tiyeni mukayendere nokha."

"Iyayi, amayi," anatero mkamwini. "Inu mukati zatha, zatha. Lachisanu akatitulutsa tibwera molunjika kwanu."

Lachisanu m'mawa mayi Sesani anatsogola kunyumba kukatsekula mazenera. Anatereka madzi osamba a Mzime. Anatenga nsalu yoyera yatsopano n'kuyala pa matiresi atsopano, nasalaza makwinya ndi dzanja. Atafika pakona ya kukhoma anaona kadontho kakuda. Anati mwina ndi kamwaye kochokera ku mbaula. Anawerama kuti akauzire, kadontho kaja n'kudumpha.

Anakasaka ali chogwada mpaka anakapeza pa mwendo wa bedi, n'kukadinda ndi sopo. Anapita nako pazenera. Kanali nthata, yaing'ono, yongoswa kumene, timiyendo tikuphiriphitha mu thovu.

Anakhala pa bedi sopo ali m'manja. Imodzi yokha, abale, imodzi! Ndipo anali ataigwira kale. Ndani akanadziwa? Akanangotsuka sopoyo, n'kupukuta manja, n'kukaima pakhomo ndi nthungululu. Masabata asanu ndi limodzi a msana, matiresi otenthedwa, manyazi a m'mageti, zonsezo zithere pa kanthu kosakwana njere ya mpiru? Anayamba kudziuza kuti mwina inabwera ndi mphaka wa aneba, mwina inali yomaliza. Koma nthata yongoswa kumene siichokera kutali, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Mzime sanali mwana wawo woyamba. Awiri amene anamutsogolera anawaika m'manda asanayambe n'kukwawa komwe. Sizinali nthata ayi, anali matenda ena, koma kwa onse awiri zinayamba ndi kanthu kakang'ono kamene aliyense ankati si kanthu. Mayi Sesani analira pang'ono pa bedi paja, mokwiya, kenako anaphula madzi pamoto, natseka chitseko, n'kukaima kumsewu.

Galimoto ya hayala inafika dzuwa lili pamutu. Mkamwini anali kutsogolo, Mzime kumbuyo ndi khanda lokulungidwa mu shawelo. Mzime atayamba kutsekula chitseko, mayi ake anachikankha ndi bondo n'kuchitsekanso.

"Usatsike."

"Amayi, n'chiyani?"

Mayi Sesani anazungulira ku zenera la mkamwini n'kumuonetsa sopo uja. Mkamwini anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaipeza kuti?"

"Pa bedi la mwana. Lero lomwe."

"Imodzi yokha, amayi!" anatero Mzime, misozi ili kale m'maso. "Ine ndatopa, ndikufuna kwathu. Imodzi ingatani?"

"Iwe, khala chete, usandifooketse. Ukuganiza kuti ine sindikufuna?" Anatembenukira kwa mkamwini. "Ndipatseni masabata awiri, bambo. M'munsi mwa khoma la kuchipinda muli mng'alu umene sindinaufike, pansi pa thabwa lokhomedwa m'mphepete. Ndilizula. Pakadali pano mutengeni mwana wanga mupite naye kwanu. Madzi ndizibwera kudzatunga ine m'mawa uliwonse, ndikasamba ndi kusintha zovala."

Anawerama pa zenera lakumbuyo. Mzime anasendeza shawelo kuti nkhope ya mwana ioneke, nakweza khandalo kuti agogo ake alilandire. Mayi Sesani anabisa manja kumbuyo. Anali atagwada pansi m'chipinda muja, ndipo sankadziwa chimene chinakwera pa zovala zawo. Anangomuyang'ana mdzukulu wawo akuyasamula, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi.

Mkamwini anatsika. Analankhula ndi dalaivala, nalemba pa kapepala kumene kumakhala mchemwali wake, amene nyumba yake inali yapansi ndiponso ya mpopi pakhomo. Anamunong'oneza kanthu Mzime, namusisita paphewa. Galimoto inatembenuka n'kumapita, Mzime akuyang'ana kumbuyo mpaka pa kona ya magalaja.

Mayi Sesani anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Atacheuka anapeza mkamwini wavula jekete lake losita bwino lija n'kulikoleka pa mpanda. Anali atawerama, akulowetsa miyendo ya thalauza m'masokosi.

"Nanga inu simukupita, bambo?"

"Thabwa limenelo simungalizule nokha, amayi," anatero. "Muli ndi hamala?"

"Ili kuseri kwa chitseko," anatero mayi Sesani, n'kutsogola kukatereka madzi ena.